Mchenga M'chikuku cha Akalipentala

Tsiku limene Ngolo anagwetsa bambo ake, ine ndinali pakhonde panga ndikumata soli ya nsapato ya kasitomala. Nyumba zathu n'zogundizana, khoma ndi limodzi, moti kwa anzathuwo kukagwa supuni ife timamva. Koma chimene chinagwa m'mawa umenewo sichinali supuni. Kunamveka kuti khu, kenako zii, kenako mawu a mkazi wa Ngolo akundiitana.

Ndinapeza Akalipentala ali pansi, pakati pa bedi ndi chikuku chawo, mpando wa mateyala uja amayendera anthu ofa miyendo. Magazi ankatsika pachipumi kulowa m'diso. Ngolo anali atagwada pambali pawo, akuyang'ana manja ake ngati ndi a munthu wina. M'chipinda monse munali fungo la mowa wa dzulo, lija limatulukira m'thukuta ngakhale munthu atasamba.

Ngolo si dzina lake lobadwa nalo. Anamupatsa ndi anzake kudepoti kumene amatsitsa simenti ndi feteleza m'malole, chifukwa iye ankasenza matumba awiri pamene anzake akulimbana ndi limodzi. Bambo ake, amene tonse timangowatchula kuti Akalipentala, anadwala sitiroko, mbali yonse ya kumanzere n'kufa. Munthu wotere amafunika kunyamulidwa: kuchoka pabedi kupita pachikuku, kubafa, kuchimbudzi, n'kubwereranso. Ndipo Akalipentala si munthu wochepa thupi. Mkazi wa Ngolo ndi wamng'ono ngati mwana wa sukulu, ine ndine nkhalamba ya msana wopindika ndi ntchito yosoka nsapato. Pa mzere wonse wa nyumba zathu, amene ankatha kuwanyamula bwinobwino anali Ngolo yekha.

Vuto linali mowa. Onyamula katundu kudepoti ali ndi chizolowezi chawo. Lole yomaliza ikangotha, dzuwa litapendeka, amatulukira pageti ya kuseri n'kulowa m'bala ya pafupi kuti akatsuke fumbi pakhosi. Amatero eni akewo, kutsuka fumbi. Poyamba Ngolo ankatsuka ndi botolo limodzi. M'kupita kwa zaka fumbi lija linayamba kufuna madzi ambiri, mpaka ankatsuka ngakhale tsiku limene kudepoti sikunabwere lole ndi imodzi yomwe. Mimba inatuluka, mapewa anagwa, manja anayamba kunjenjemera m'mawa. Tonse tinkaona, koma tinkati munthu wamphamvu ngati uyu mowa ungamutani.

Kuchipatala anawasoka Akalipentala pachipumi, n'kunena kuti mwamwayi fupa silinathyoke. Atabwerera kunyumba, Ngolo anawerama kuti awachotse pachikuku, koma iwo anagwiritsa chitsulo cha chikukucho ndi dzanja lawo labwino lija.

"Ndisiye, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Manja akowa ndikuwaopa."

Sanakalipe, sanatukwane. Mwina zikanapepuka akanatukwana. Ngolo anatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinamumvera chisoni kwambiri, ngakhale kuti ndinali nditamukwiyira.

Kuyambira pamenepo ntchito yonyamula inagwera ine ndi mkazi wake. Tinkachita kukoka ndi kukankha, wina kumiyendo wina kumapewa, tonse thukuta lili kamukamu. Tinkangokwanitsa za kubafa ndi kuchimbudzi basi. Nthawi ina yonse Akalipentala ankakhala chigonere pabedi pawo, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu.

Mchemwali wake wa Ngolo, wamkulu kwa iye, amene ali ndi shopu ya nsalu m'tauni ina, anabwera atamva nkhaniyi. Ndi mayi wosazungulira polankhula. Anaona ulusi wa pachipumi, anaona bambo ake ali gone masanasana, ndipo anamuuza mchimwene wakeyo pamaso pathu kuti kuseri kwa nyumba yake akumanga chipinda. Chikangofoleredwa n'kuikidwa chitseko, abwera ndi galimoto kudzawatenga. Ngolo analonjeza kuti asiya mowa. Mchemwali wakeyo anangoti malonjezo amenewo anawamva pamaliro a mayi awo, anawamvanso tsiku la sitiroko, ndipo makutu ake anadzaza kale.

Atapita, Akalipentala anandiitana. Anandiuza kuti denga la nyumbayo anakhoma okha, chitseko anapala okha, ndipo bedi limene anagonapolo ndi limene akazi awo anatsirizikirapo. Kwa mwana wawo wamkazi akadya bwino, inde, koma akakhala mlendo mpaka imfa. Iwo ankafuna kutsala m'nyumba mwawo. Koma anati sangatsale pamene palibe wowanyamula. Misozi inatsikira m'makutu, chifukwa anali atagona chagada.

Ngolo anamva zimenezi ataima pakhomo. Ndiye anasiya mowa mmene iye amadziwira kugwira ntchito. Onyamula katundu muyenera kuwadziwa. Lole ikafika saisiya theka. Amalimbana nayo mpaka thumba lomaliza, kaya msana uthyoke, chifukwa kupuma n'kwa mawa. Ndi mmene anachitiranso ndi mowa. Anaswa mabotolo kuseri kwa nyumba anthu akuonerera, analumbira, n'kunena kuti pamene mchemwali wake azidzabwera, thupi lake lidzakhala litabwerera mwakale. M'mawa mwake anathamanga mpaka kumalire a tauni, kumene kumathera nyumba, n'kubwerako akuthamangabe. Madzulo anakoka chitsulo cha galimoto yakufa kwa amakaniko n'kumachikweza m'mwamba, ana akumuombera m'manja.

Kutacha analephera ngakhale kuvala thalauza ali chilili. Miyendo inauma gwa, zidendene zinachita matuza, kudepoti sanapite. Mkazi wake, chifukwa cha chikondi, anamuyalira pabalaza n'kumuuza kuti wayesetsa, apumule kaye. Koma chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Anagona pamenepo akunjenjemera, akutuluka thukuta, akukalipira aliyense wodutsa. Sabata isanathe, dzuwa litapendeka, nthawi ija anzake amatsuka fumbi, ananena kuti akukagula mankhwala opaka miyendo. Anabwera naye anthu awiri atamugwirira.

Sanachite zimenezi kamodzi kokha. Ulendo uliwonse ankayamba ndi ukali woposa woyamba, ngati kuti cholakwika chinali kuchepa kwa mtunda. Nsapato zake zinabwera kwa ine zitayasama kukamwa, ndipo ndikuzisoka ndinamuuza kuti kuthamanga si kufika. Anandiyankha kuti palibe chimene ndikudziwa, ine munthu wongokhala pampando tsiku lonse. Mwina ankanena zoona, koma moto wa mapesi ndimaudziwa ndikauona.

Amene anatithandiza ndi anamwino oyendera odwala m'makomo, amene ankabwera pa njinga yamoto kudzawongola dzanja ndi mwendo wa Akalipentala. Tsiku lina atawatembenuza anapeza kuti m'munsi mwa msana mwayamba kufiira, khungu likufuna kutseguka. Anatiuza mosabisa kuti munthu akamangogona malo amodzi amachita zilonda, ndipo zilonda zoterezi zikazama zimatha kupha. Anatiphunzitsa ine ndi mkazi wa Ngolo kuwatsetsereza pa thabwa losalala kuchoka pabedi kupita pachikuku, kuti m'mawa uliwonse azikhalako tsonga. Koma anayang'ana msana wangawu n'kupukusa mutu. Anadziwa kuti sindingapite nazo patali.

Atatuluka anamupeza Ngolo ali pakhonde panga, atazolika, akudikira nsapato zake. Sanamunyoze. Anakhala pabenchi ya makasitomala n'kumufunsa kuti wayesa zotani, ndipo iye anafotokoza zonse, za mabotolo, za kumalire a tauni, za chitsulo chija.

"Mphamvu muli nazo, achimwene," anatero anamwinowo. "Koma mowa si lole yoti muitsitse lero ithe. Mawa ibweranso, mkuja ibweranso. Tandiuzani, chibaba chimakugwirani nthawi yanji?"

Ngolo anati nthawi iliyonse. Iwo anati aganize bwino. Anaganiza, ndipo anavomera kuti chimafika poipa dzuwa likapendeka, lole yomaliza ikatha, anzake akamasasa fumbi m'malaya.

"Ndiye nthawi imeneyo tiipezere ntchito," anatero iwo.

Anamuuza kuti m'mawa mwake ayambe wapita kuchipatala. Anati munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka sayenera kusiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, chifukwa kunjenjemera kuja kumatha kufika pokomoka. Kuchipatala amamuyeza, amamupatsa mankhwala omuthandiza masiku oyambirira, ndipo kuli gulu la anthu osiya mowa limene limakumana sabata iliyonse. Zimenezo Ngolo anavomera. Chimene chinamupweteka ndi chotsatira. Anamwino anati adokotala akamulola, tsiku lililonse akaweruka azitulukira pageti ya kutsogolo, osati ya kuseri, n'kulunjika kunyumba. Aziika theka la thumba la mchenga m'chikuku cha bambo ake, azichikankha kukwera chitunda cha msewu wathu mpaka pathanki ya madzi, n'kubwerera. Aziyenda, osathamanga. Akafika azikhala ndi kudzuka pampando kangapo, msana uli wowongoka, mmene munthu amayenera kuchitira ponyamula wodwala. Mchengawo anati ndi woti manja ndi miyendo zizolowere kulemera, makamaka potsika, pamene chikuku chimafuna kuthawa.

Ngolo anaseka, koma kuseka kwake kunali kosakondwa.

"Theka la thumba? Pathanki pomwepa? Anesi, pamenepo amafika ndi ana otumidwa machesi. Ine ndinafika kumalire a tauni."

"Munafikako masiku angati otsatizana?"

Ngolo anangoyang'ana nsapato zake zoyasama zija.

"Ine sindikufuna tsiku limodzi lalikulu," anatero anamwino. "Ndikufuna laling'ono lomwelo, lero, mawa, mkuja. Tsiku limene mwadzuka ndi mphamvu, musapitirire thanki. Tsiku limene mwatopa, musalephere kufika pathanki." Kenako anatembenukira kwa mkazi wa Ngolo, amene anali ataima pakhomo. "Ndipo inu mayi, mawu aja oti pumulani lero muwasunge kaye. Ulendowu ndaufupikitsa dala kuti pasapezeke chifukwa chopumulira."

Masiku a kuchipatala anali ovuta, sindinama. Koma anadutsa, ndipo madzulo ena tinangoona Ngolo akutulutsa chikuku, mchenga uli khale pampando. Anthu a mumsewu mwathu sasunga pakamwa. Amakaniko ankamufunsa kuti wodwala wakeyo wagona bwanji. Mayi wogulitsa makala ankati auuze mchengawo kuti uzipereka moni ukamadutsa. Anzake a kudepoti anati Ngolo watsika udindo, tsopano ndi wilibala. Iye ankangoyang'ana kutsogolo, nsagwada zili gwa. Pakati pa chitunda pali polo ya magetsi, ndipo masiku oyambawo ankaima pamenepo akupumira m'mwamba, munthu yemwe uja wa matumba awiri. Zinamuchititsa manyazi kuposa kusekedwa.

Anandiuza kuti chovuta kwambiri si chitunda ayi. Ndi kamtunda kakang'ono kochoka pamene lole yaima kukafika pageti ya kutsogolo, anzake akumuitana kumbuyo kuti botolo limodzi silinaphepo munthu. Ankabwera kunyumba ndi fumbi lake pakhosi, mkazi wake akumudikira ndi jagi ya madzi. Ankamwa ali chilili n'kugwira chikuku nthawi yomweyo, chifukwa anati akangokhala pansi maganizo amayamba kumulankhula. Akamabwerako kuthanki, chibaba chija chimakhala chitagwa mphamvu. Sichinkatha, koma chinkakhala choti munthu n'kudya nacho, n'kugona nacho.

Kwa nthawi yaitali panalibe chooneka. Mimba inali yomweyo, nkhope yomweyo. Ankabwera pakhonde panga kudzadandaula kuti anesi akumuseweretsa, ndipo kuli bwino athamange kamodzi kokha kuti thupi lidzidzimuke. Ine ndinkangomufunsa kuti kodi polo ya magetsi ija anakangana nayo, popeza masiku ano amangoidutsa osaima. Iye anali asanazindikire n'komwe. Tsiku lina ulusi unandikanika kulowa pa singano, maso angawa atatopa. Ngolo anandilanda n'kulowetsa kamodzi kokha. Tonse tinayang'ana zala zakezo: sizinkanjenjemeranso. Anamwino atabweranso anamulola kuwonjezera mchenga pang'ono, kenako pang'ono penanso, koma mtunda anati ukhale womwewo.

Ndiye tsiku lina Ngolo anagwa, anamwanso. Mnzake wina kudepoti mkazi wake anabereka mwana woyamba, ndipo anamuchonderera kuti asamuchititse manyazi pokana botolo la chisangalalo. Madzulo amenewo chikuku chinangokhala pakhomo ndi mchenga wake. Dzuwa linatsika, mthunzi wa nyumba unafika pamsewu, Ngolo osaoneka. Ndikutseka bokosi langa la zida, ndinamva mawu pazenera.

"Anzanga, lero sanadutse?"

Anali Akalipentala. Apa m'pamene ndinadziwa kuti masiku onsewa ankauza mpongozi wawo kuti awatsamiritse pamapilo nthawi imeneyo, ati kuti apume bwino, koma chenicheni ankafuna kuona msewu. Ndinawauza kuti sanadutse. Anangoti chabwino, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Mtima unandiwawa.

Kutacha Ngolo anali wosayang'anika. Ananena kuti zonse zapita m'madzi, iye ndi munthu wachabechabe, mchemwali wake angobwera adzawatenge bambo. Patapita kanthawi anasintha, n'kunena kuti adzilanga: aika matumba awiri odzaza m'chikuku, akankha mpaka kumalire a tauni. Mkazi wake sananene kuti pumulani. Anaimbira foni anamwino n'kumupatsa mwamuna wake kuti amve yekha.

"Za dzulo zachitika, achimwene, madzi akatayika saoleka," ndinamva mawu awo pafonipo. "Musadzilange, musatayenso mtima. Lero ndi pathanki, mchenga womwewo, nthawi yomweyo. Ndipo kugulu mukanene zimene zachitika, musakabise."

Madzulo amenewo anakankha chikuku mutu uli pansi, matsire akumusautsa. Anasanza pafupi ndi polo ya magetsi, anapukuta kukamwa, n'kupitiriza mpaka pathanki. Palibe amene anamuseka tsiku limenelo, ngakhale amakaniko. Ine ndimati ulendo umene unamupulumutsa Ngolo ndi umenewo, chifukwa kale akagwa ankakhala komweko mpaka mwezi utatha.

Kuchokera pamenepo sanadumphitsenso. Kugulu ankapita sabata iliyonse, ndipo pageti ya kuseri anaiwalako. Nyengo ya mvula itafika, ankavala pepala la pulasitiki, mchenga n'kuufunditsa jekete yakale ya bambo ake kuti usanyowe n'kulemera kwambiri. Akalipentala ataona zimenezo pazenera anaseka koyamba chigwereni pansi paja, n'kundiuza kuti mchengawo ukusamalidwa kuposa iwo eni chikuku. Thupi la Ngolo linkabwerera mwakachetechete. Lamba anabwera naye kwa ine kuti ndiboole bowo lina. Anayamba kugona tulo, kudya bwino, ndipo kudepoti akapitawo anasiya kumubweza m'mawa chifukwa cha matsire.

Madzulo ena, Ngolo atamwa madzi ake n'kuwerama kuti akweze thumba m'chikuku, zenera linatseguka.

"Usiye pansi mchengawo," anatero Akalipentala. "Wayenda mokwanira. Lero ndi ine."

Ngolo anausiya pansi mchengawo. Kenako analowa m'nyumba, ine ndi mkazi wake tikumutsatira. Ndinafuna kutenga thabwa lija, koma Akalipentala anati ndilisiye. Ngolo anasamba m'manja, anaimika chikuku pafupi ndi bedi, anamanga buleki, anapinda maondo msana uli wowongoka mmene anamuphunzitsira. Bambo ake anamukoleka dzanja lawo labwino m'khosi. Anawanyamula pang'onopang'ono n'kuwakhazika, n'kuwakonzera phazi lakufa lija pachopondera. Mkazi wake analira mosatulutsa mawu. Inenso ndinayang'ana kumbali, chifukwa maso a nkhalamba sachedwa kuchucha.

Sipanapite nthawi, mchemwali wake wa Ngolo anaimba foni kuti chipinda chatha, chitseko chaikidwa. Tsiku lobwera sananene. Anasankha yekha tsiku la kumapeto kwa mwezi, pamene malole amachuluka kudepoti, ndipo anafika dala dzuwa litapendeka. Anatiuza pambuyo pake kuti anayamba waimitsa galimoto kubala kuja, kuti amupeze mchimwene wake ali ndi botolo m'manja, nkhani ithere pomwepo. Sanamupeze. Anabwera kunyumba, mkazi wa Ngolo atapita kumsika. Anakankha chitseko n'kupeza bedi lili lokha, chikuku palibe. Anatuluka akuthamanga, nsapato imodzi itatsala pakhomo, n'kufika pakhonde panga.

"Bambo ali kuti? Chachitika n'chiyani? Ali kuchipatala?"

Ine ndinayang'ana mthunzi wa nyumba pamsewu n'kumuuza kuti nthawi ino ali pachitunda, atsala pang'ono kufika pathanki. Anandifunsa kuti ndadziwa bwanji, popeza ndakhala pansi. Ndinati afunse aliyense. Mayi wa makala anayankha asanafunsidwe kuti adutsa posachedwapa, amakaniko nawo analoza kumtunda ndi sipanala. Mchemwali wa Ngoloyo anangoti kukamwa yasa. Kale nthawi ngati imeneyo panalibe munthu, ngakhale mkazi wake, amene akanalumbira kuti Ngolo ali pakuti ndipo abwera ali bwanji. Tsopano msewu wonse unkadziwa.

Mchemwaliyo anavala nsapato yake n'kuyamba kukwera. Ine ndinatseka bokosi n'kumutsatira chapatali, mmene miyendo yanga inandilolera. Tinawapeza pamthunzi wa thanki. Akalipentala anali atavala chipewa, akumuonetsa mwana wawo nyumba za kumunsi zimene anagwirako ntchito ali mnyamata. Ngolo anali ataima kumbuyo, manja onse awiri ali pa zogwirira. Mchemwali wake anapereka moni kwa bambo ake, kenako anamuyang'ana mchimwene wake kuyambira kumapazi mpaka m'maso, nthawi yaitali ndithu.

"Wasiyiratu?" anafunsa.

"Mawu amenewo ndinakuuzani kambirimbiri, achemwali, sindiwabwerezanso," anatero Ngolo. "Pakatipa ndinagwa kamodzi, sindikubisirani. Lero sindinamwe. Mawa nthawi ngati ino mudzandipeza pano."

Mayiyo anagwada pafupi ndi chikuku n'kuwauza bambo ake kuti chipinda chatha, chili ndi zenera lalikulu, bafa lili pafupi, ndipo wapeza kale munthu woti aziwasamalira. Ankalankhula mofatsa, osati ngati tsiku loyamba lija. Anapempha kuti awaone kumsana, ndipo Ngolo anawaweramitsa pang'ono. Khungu linali litapola.

Akalipentala anamugwira mwana wawo wamkazi pamutu.

"Wachita bwino, mwana wanga, wandiganizira. Chipindacho ndidzabwera kudzachiona, ndidzagonamo ngati mlendo. Koma kusamuka ayi. Mawa tili ndi ulendo wa kuthanki ine ndi mchimwene wakoyu, ndipo ife sitijomba."

Mayi wosazungulira polankhula uja anabisa nkhope pamaondo a bambo ake n'kulira, ndipo tinamusiya alire. Atadzuka anapukuta maso n'kunena kuti akufuna akankheko iyenso. Ngolo anamuuza kuti potsika chikuku chimathawa, agwire chogwirira chimodzi, iye agwira chinacho. Anatsika choncho onse atatu, pang'onopang'ono, ine ndili m'mbuyo. Galimoto ija inabwerera m'mawa mwake ndi munthu mmodzi yemwe inabwera naye.

Akalipentala adakali m'nyumba mwawo, ndipo Ngolo akupitabe kugulu. Sanena kuti nkhondo yatha, amangoti lero ladutsa.

Inu amene mukulimbana ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndi inu amene muli ndi m'bale wotere, imvani zimene tinaphunzira mumsewu mwathu. Musalimbane nazo nokha: yambani mwapita kuchipatala, ndipo pezani gulu la anzanu oti muzikumana nawo. Dziwani nthawi imene chibaba chimakugwirani, ndipo nthawi imeneyo muiike chinthu chaching'ono choyendetsa thupi, choti mungachite ngakhale tsiku limene mwatopa. Inu a pabanja, musamukankhire ku zazikulu, komanso musamulole kudumphitsa zazing'onozo. Akagwa, mawa lake abwerere pomwe anasiyira. Munthu sachira ndi zazikulu zimene wachita tsiku limodzi. Amachira ndi zochepa zimene amachita tsiku lililonse.